Tsamba la Loweruka madzulo

Mlembi akafika zaka 65 kapena 70, chimene chimamutayitsa cholembera kawirikawiri si kutha kwa nkhani. Nkhani ndiye zimakhala mbwee, zochuluka kuposa zimene anali nazo pa ubwana. Chimamufooketsa ndi muyeso umene akudziyezera. Amadziyerekeza ndi munthu uja wa zaka 35 amene ankachezera pa koloboyi, kukamacha masamba khumi ali pa tebulo. Lero tsamba limodzi likumudyera m'mawa wonse, zala zikuuma, zilembo zikuvina. Ndiye mdzukulu akafunsa kuti, "Agogo, buku lija lafika pati?" yankho limangokhala lakuti, "Iii, palibe chimene ndikuchita ine." Nthawi zambiri yankholi silikhala loona, kungoti mkuluyo alibe umboni woti adzitsutse nawo.

Umboniwo mutha kuupanga nokha, ndipo umangofuna tsamba limodzi la kope pa sabata. Tsiku n'lalifupi kwambiri kuti mudziweruzirepo: maliro amodzi, mzere wa kuchipatala kapena alendo ochokera kumudzi, tsiku latha. Mwezi nawo n'ngwautali, pofika pa 30 zimene munachita pa 4 zaiwalika. Sabata imanyamula masiku oipa ndi abwino pamodzi, ndipo mutu umathabe kuikumbukira yonse.

Gulani kope lapadera lachikuto cholimba, lija timati hadikava, losiyana ndi limene mukulembamo bukulo. Sankhani tsiku limodzi ndi ola limodzi, muzimangirire ku chinthu chimene mumachita kale, monga tiyi wa 4 koloko Loweruka dzuwa lisanalowe. Amene mumapemphera Loweruka tengani Lamulungu, palibe vuto, bola tsikulo lisamasunthesunthe. Mphindi 15 zikwana. Pamwamba lembani deti lonse pamodzi ndi chaka, chifukwa makope akafika atatu simudzadziwa kuti "12 June" ndi wa chaka chiti. Kenaka tsambalo ligaweni patatu: zimene mwamaliza, amene mukuwathokoza, ndi poyambira Lolemba.

Chigawo choyamba chili ndi lamulo limodzi lokha: mulembemo zinthu zimene munthu wina angazione kapena kuziwerenga ndi chala. "Ndayesetsa sabata ino" sichilowa. "Mutu wachitatu, masamba 41 mpaka 44" chikulowa. Vuto limene limabuka msanga ndi lakuti pofika Loweruka simukumbukanso zimene munachita Lachiwiri, ndipo mtima ukakhala wofooka umachepetsa chilichonse. Choncho tsiku lililonse mukamaika cholembera pansi, lembani kamzere kamodzi pa kalendala kapena m'kati mwa chikuto: "Lachiwiri, tsamba ndi theka." Loweruka n'kungophatikiza.

Ngati mumalemba pamanja, simukusowa kuwerenga mawu onse. Werengani mawu a m'mizere isanu, gawani ndi 5, ndiye chulukitsani ndi mizere ya pa tsamba. Mawu a Chichewa ndi atali, choncho pa kope lalikulu mzere umatenga mawu 6 kapena 7; mizere 30 ikupatsani mawu pafupifupi 200. Tsopano taonani masamu ake. Tsamba limodzi pa tsiku, masiku anayi pa sabata, ndi mawu 800. Pa masabata 52 a m'chaka chotsanipo 12 a maliro, matenda, zokolola, maukwati ndi Khirisimasi. Otsala 40 aja akupatsani mawu 32,000, lomwe ndi buku lathunthu la mbiri ya banja kapena kanovelo kakafupi. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo pano mtolowo mukutha kuuwerenga nkhuni zake.

Cholinga cha pa sabata musachitole m'mutu. Masabata anayi oyamba ingolembani zimene zikuchitika popanda kudziikira malire. Mukatero yang'anani manambala anayiwo, mutenge yachiwiri kuchokera pansi, imeneyo ndiye ikhale cholinga chanu. Ambiri amatenga ya sabata imene zinayenda bwino kwambiri, zotsatira zake amalephera masabata atatu mwa anayi alionse, kope lija n'kusanduka khoti. Msampha wina ndi wokweza cholinga mukangochita bwino kamodzi. Mwalemba masamba 9 m'malo mwa 4, mwasangalala, mwati kuyambira lero ndi 9. Sabata yotsatira dzanja latupa, mwakhala masiku khumi osagwira cholembera. Cholinga chizikwera pokhapokha mwachipitirira masabata asanu ndi limodzi otsatizana thupi osadandaula, ndipo chikwere ndi tsamba limodzi basi.

Mawu atsopano si okhawo amene ali ntchito. Kudula ndime zitatu zimene zimangobwereza n'kugwira ntchito, ndipo muzilemba motero: "Ndachotsa tsamba ndi theka m'mutu wachiwiri." Kuwerenga mutu mokweza n'kupeza pamene lilime likupunthwa ndi ntchito. Kuimbira mnzanu wa msinkhu wanu kuti akutsimikizireni dzina la dambo lija kapena chaka chimene sukulu inasamuka ndi ntchito. Palinso kantchito kabwino ka masiku amene mutu watopa, kokonza kalembedwe. Amene anaphunzira sukulu isanafike 1973 anazolowera kulemba "cinthu" ndi "nchito", monga abale athu ku Zambia amalemberabe "c", pamene malamulo a kalembedwe amene bungwe loona za chilankhulochi la Chichewa Board linatulutsa chaka chimenecho, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990, amafuna "chinthu" ndi "ntchito". Dzanja lokalamba limabwerera lokha ku za kale likatopa, ndiye mumapeza tsamba limodzi lili ndi mitundu iwiri. Kudutsa masamba asanu ndi pensulo n'kuwongola zimenezi sikufuna nzeru zatsopano, koma kumapulumutsa wotayipa ku chisokonezo, ndipo Loweruka kuli ndi mzere wake.

Kuwerengera tinthu tating'ono chonchi si chibwana ayi. Ofufuza awiri, Teresa Amabile wa ku yunivesite ya Harvard ku America ndi Steven Kramer, anasanthula malipoti a tsiku ndi tsiku pafupifupi 12,000 olembedwa ndi antchito 238, ndipo mu 2011 anafotokoza kuti pa zonse zimene zinkakweza mtima wa munthu pa ntchito, chachikulu chinali kuona kuti ntchito yatanthauzo yasuntha, ngakhale pang'ono. Mlembi wachikulire alibe bwana womuuza kuti yasuntha. Ayenera kudzionetsa yekha.

Tikambe za thupi, chifukwa masabata ambiri "aulesi" amakhala masabata a maso ndi zala. Diso la munthu wa zaka 60 limalowetsa kuwala kochepa pafupifupi katatu poyerekeza ndi la wa zaka 20, ndiye babu limene linkakukwanirani kale lero silikukwana. Ntchito yolemba ikhale ya masana, tebulo pafupi ndi zenera, kuwala kuchokere kumanzere ngati mumalembera dzanja lamanja kuti mthunzi wa dzanja usagwere pa mzere. Nyale ya sola ikhale ya kuwerengera pang'ono madzulo. Magalasi owerengera ogula okonzakonza amakhala ndi manambala monga +1.00 mpaka +3.00. Pokagula tengani tsamba la zolemba zanu, muligwire pa mtunda wa masentimita 35 mpaka 40, musankhe nambala yotsika kwambiri imene ikukuonetsani bwino. Yokwera kwambiri imakukakamizani kuweramira pa pepala, khosi n'kuyamba kupweteka. Magalasi oterewa ali ndi mphamvu yofanana mbali zonse, choncho ngati diso limodzi likuona mosiyana ndi linzake kapena mutu ukumawawa mukawerenga, kayezetseni. Mukamaona ngati muli mu nkhungu, nyali za galimoto zikukuthobwani usiku, ndipo kusintha magalasi sikukuthandiza, ikhoza kukhala ng'ala. Imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo zipatala za maso monga za ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Nkhoma zimachita ntchito imeneyi. Musadonthezere madzi a masamba m'maso. Odwala shuga aziyezetsa maso chaka chilichonse ngakhale akuona bwino. Sabata imene mwapita kukayezetsa maso, lembani pa chigawo cha zomaliza, pakuti imeneyonso ndi ntchito ya bukulo.

Zala za nyamakazi zimadana ndi cholembera chowonda. Kulungani pogwirira ndi kachidutswa ka chubu cha njinga kapena pulasitala mpaka pakule ngati chala chanu chamkombaphala. Mukatero simufinya kwambiri. Bolopeni wamba imafuna kudinikiza, pamene ya inki ya gel imayenda yokha, koma inki yake itha kufalikira pepala likanyowa. Ngati denga limadontha, pensulo yofewa ya 2B ndi yabwino: siifuna mphamvu, siisungunuka ndi madzi, siizilala ndi dzuwa. M'miyezi ya June ndi July viikani manja m'madzi ofunda mphindi zisanu kapena khumi musanayambe. Khalani mphindi 25 kapena 30, imirirani mphindi zisanu, muyende mpaka pa khonde. Mapazi aponde pansi bwinobwino. Ngati mpando watalika ikani njerwa. Tsiku limene dzanja lakaniratu, lankhulani mu foni. Dziwani chabe kuti kulemba zimene mwajambula kumatenga nthawi yochuluka kanayi kapena kuposa, choncho mphindi khumi zolankhula ndi ntchito ya mphindi 40 kapena kuposa kwa amene adzatayipe. Mukajambula maola atatu tsiku limodzi mwangomuunjikira mwana katundu amene sadzamunyamula.

Chigawo chachiwiri, cha zikomo, ndi chimene chimaonongeka msanga. Sabata yoyamba munthu amalemba kuti "moyo, banja, chakudya", yachiwiri chimodzimodzi, pofika yachisanu cholembera chikuyenda chokha mtima uli ku munda. Zinthu zimenezo n'zoyenera kuthokoza, ndipo malo ake alipo m'pemphero la tsiku ndi tsiku. Pa tsamba ili lembani zitatu zokha, chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi chifukwa chake, choti sichikanalembedwa sabata ina iliyonse. "Mayi wogulitsa tomato ananena mawu akuti 'kusinjirira' m'njira imene ndinali nditaiwala, alowa pa tsamba 43." "Mvula inagwa Lachinayi, alendo sanabwere, ndinapeza maola awiri." "Bondo silinavute masiku atatu." Chinthu chimene mwachitchula musachibwereze mwezi womwewo pokhapokha pali chatsopano.

Kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo pali chifukwa. Mu 2003 ofufuza Robert Emmons ndi Michael McCullough ku America anapeza kuti ophunzira amene ankalemba zinthu zisanu zoyamikira kamodzi pa sabata kwa masabata khumi ankaona moyo wawo bwino kuposa amene ankalemba zowakwiyitsa. Gulu la wofufuza wina, Sonja Lyubomirsky, linayerekeza ochita kamodzi pa sabata ndi ochita katatu kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo amene anapindula anali a kamodzi aja. Awa anali ana a sukulu za ukachenjede, osati nkhalamba zolemba mabuku, koma mfundo yake aliyense amene anadyapo ndiwo imodzi sabata yathunthu akuimvetsa: chobwerezedwa kwambiri chimasukuluka.

Pa zitatuzo, chimodzi chikhale munthu, ndipo zikomo wake asathere m'kope. Muimbireni, kapena mumuuze pamaso, motchula chimene anachita: "Mwana wanga, masamba aja unatayipa bwino, sunasinthe ngakhale liwu limodzi." Mawu otero amagwira mtima kuposa "zikomo kwambiri" wamba. Koma kunena zoona, mdzukulu amene akukutayipirani sadya zikomo. Gwirizanani poyera: masamba angati pa sabata, bandulo agula ndani, kangachepe kake ndi kotani, ndiponso kuti sakuloledwa "kukonza" Chichewa chanu popanda kufunsa. Ntchito zambiri za agogo zimaima pa mutu wachinayi chifukwa wotayipa watopa koma akuchita manyazi kunena. Phindu lina la chigawo chimenechi limadzaoneka kumapeto. Buku likatha, tsamba lothokoza limakhala litadzilemba kale, mayina onse alipo, ngakhale a amene anatisiya pakati pa ulendo. Amene wakupatsani mwambi, nyimbo ya pamtondo kapena mbiri ya mudzi, lembani dzina, mudzi ndi deti, ndipo mumufunse nthawi yomweyo ngati akulola kudzatchulidwa m'buku. Kudzafunsa patapita zaka zitatu mwina simudzamupeza.

Chikondwerero chake chikhale chaching'ono, cha tsiku lomwelo, chosaboola thumba. Tiyi wamkaka m'kapu imene mumasungira alendo, mpira pa wailesi popanda kudziimba mlandu, bawo kwa mnzanu. A shuga ndi a BP asasandutse zakumwa zotsekemera kapena kanyenya wamchere kukhala mphotho ya sabata iliyonse. Chikondwerero chimene chimagwira ntchito koposa ndi kuwerengera munthu mmodzi ndime imodzi mokweza. Sankhani womvera bwino. Mnzanu uja wodziwa kupeza zolakwa ndi wofunika, koma tsiku lake ndi lina, buku likafika poti likonzedwe. Loweruka mukufuna munthu woti aseke pamene pali poseketsa. Pa Facebook mutha kulemba kuti sabata ino masamba anayi atheka, koma nkhani yeniyeniyo isungeni. Mukaifotokoza yonse anthu n'kuombera m'manja, njala yoilemba imachepa, komanso mipikisano yambiri imafuna nkhani imene sinatulukepo kwina kulikonse.

Musanatseke kope, jambulani masamba onse atsopano a sabatayo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zolemba zimene zili pa pepala limodzi lokha, m'nyumba mmene muli chiswe, makoswe ndi ana ofuna poyatsira mbaula, zili ngati wa pachala. Ikani tsamba pa tebulo pafupi ndi zenera, zimitsani flash, foni ikhale molunjika pamwamba pake, ndipo nambala ya tsamba ioneke. Tumizani kwa anthu awiri okhala nyumba zosiyana. Pa WhatsApp tumizani ngati Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa ndipo zilembo za pensulo zimatha kusaoneka. Amene muli ndi adiresi ya Gmail muli ndi malo aulere a 15 GB, okwana masamba zikwi zingapo. Makope enieniwo asungeni m'bokosi lachitsulo, pamwamba pa njerwa kapena pa shelefu, losagunda khoma. Musawatsekere mu jumbo m'nyengo ya dzinja ali ndi chinyontho, amachita chuku. Mapini achitsulo amachita dzimbiri n'kudya ngodya ya pepala, selotepi imasanduka yachikasu n'kumatuka. Mangani ndi ulusi. Zonsezi ndi mphindi zisanu pa sabata, koma mukazisiya miyezi itatu zimasanduka ntchito ya tsiku lonse imene simudzaiyamba.

Nanga sabata imene palibe chimene chalembedwa? Tsamba lake lilembedwebe. "Maliro kwa achimwene, masiku anayi. Sindinalembe." Basi. Ngongole musainyamule, sabata yotsatira cholinga ndi chomwe chija, osati kuwirikiza. Mzere woterewu umathandiza pambuyo pake, chifukwa mukadzaona mpata m'bukulo mudzadziwa kuti munali pa maliro, simunali pa ulesi. Pa nthawi ya chisoni musadzikakamize kupeza zinthu zitatu. Chimodzi chikwana, ngakhale chitakhala chakuti wina anabweretsa nkhuni pa siwa. Kope ili si mankhwala. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mtima uli pansi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukomanso, tulo ndi chakudya zasokonekera, kapena mukuganiza kuti bola kufa, uzani wachibale ndipo mupite kuchipatala. Matenda a maganizo amagwiranso achikulire ndipo ali ndi chithandizo. Anthu amangowaphonya chifukwa amati ndi ukalamba.

Chigawo chachitatu ndi mzere umodzi kapena iwiri, koma ndi chimene chimapulumutsa Lolemba. "Kupitiriza mutu wachinayi" sikuthandiza, pakuti Lolemba mudzakhala theka la ola mukuyang'ana pepala. Lembani chinthu choti dzanja lingayambe nthawi yomweyo: "Tsamba 45, basi yafika pa siteji, amalume sanabwere kudzachingamira, yambani ndi fungo la utsi." Alembi ambiri amasiyira dala pakati pa chochitika, pamene akudziwa chotsatira, kuti mawa asayambire pa ziro. Kwa munthu amene kukumbukira kwayamba kuterereka, kamzere aka n'kofunika kuposa kale.

Masabata 13 alionse, kanayi pa chaka, werengani masamba onse a m'mbuyo nthawi imodzi, pensulo ili m'manja. Phatikizani masamba olembedwa. Kenaka funani zobwerezabwereza: mwina Lachisanu simulemba konse chifukwa ndi tsiku la msika, ndiye lichotseni pa ndondomeko m'malo modzidzudzula. Mwina October yense manambala amatsika chifukwa cha kutentha, ndiye mwezi umenewo muziyamba 5 koloko m'mawa kapena muusandutse wokonza zolembedwa kale. Yang'ananinso zilembo zenizenizo. Ngati zikunka zichepa mwezi ndi mwezi, kapena zimayamba zazikulu n'kumathera tating'onoting'ono kumapeto kwa mzere, makamaka dzanja likamanjenjemera mutangokhala, tengani kopelo mukamuonetse dokotala, chifukwa ndi chimodzi mwa zizindikiro za matenda a ubongo otchedwa Parkinson. Koma zilembo zikasokonekera mwadzidzidzi tsiku limodzi, dzanja lafooka, pakamwa papotoka kapena mawu akutuluka movuta, musadikire Loweruka. Imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo ndi ya kuchipatala ola lomwelo.

M'kati mwa chikuto chakumapeto lembani ndi zilembo zazikulu zinthu zinayi: mutu wa buku limene mukulemba, makope ake alipo angati ndipo ali pati, ndani ali ndi zithunzi zake, ndi ndani amene mwamupatsa chilolezo chodzalimaliza kapena kulisindikiza. Sayinani, ikani deti, muonetse munthu mmodzi wa m'banjamo pamene kopelo limakhala. Mukayamba kope latsopano, koperani mizere inayiyo pa tsiku loyamba, ndipo pa chikuto mulembe nambala 2.